Womvetsera ndi Wofunsa: Rogers ndi Beck pa Sikelo ya Kafukufuku

Munthu akalemedwa ndi maganizo, tulo n'kumusowa, nsima n'kumaima pakhosi, ndiye n'kupita kwa mlangizi amene anaphunzira ntchitoyi kusukulu, nthawi zambiri amathandizidwa motsatira chiphunzitso cha mmodzi mwa amuna awiri a ku America amene iye sanamvepo ngakhale maina awo. Wina ndi Carl Rogers, amene ankati mlangizi amvetsere ndi mtima wonse, asatsogolere. Wina ndi Aaron Beck, amene ankati mlangizi afunse mafunso, athandize munthu kuyesa ngati zimene akuganizazo zili zoona. Ophunzira awo akhala akutsutsana kwa zaka zoposa 40, ndipo pa zaka zonsezo ofufuza akhala akuwerenga anthu amene apeza bwino mbali iyi ndi mbali iyo. Zimene apeza sizinakondweretse mbali iliyonse kotheratu.

Rogers anabadwa mu 1902 ku Oak Park, pafupi ndi mzinda wa Chicago, m'banja lachikhristu lokhwimitsa malamulo. Anayamba ndi maphunziro a zaulimi pa yunivesite ya Wisconsin, kenako analowa sukulu ya ubusa ya Union ku New York, koma ubusawo sanaumalize. Anapita kukaphunzira za maganizo a anthu ku Columbia. Beck anabadwa mu 1921 ku Providence, m'banja lachiyuda lochokera kum'mawa kwa Ulaya. Ali mwana anathyoka mkono, bala lake linatukusira mpaka anatsala pang'ono kufa, ndipo atabwereza kalasi chifukwa cha kujomba anayamba kudziona ngati wopanda nzeru. Anaphunzira udokotala ku Yale n'kumaliza mu 1946. Wina anafika pa ntchitoyi atadzera kumunda ndi kutchalitchi, wina atadzera kuchipatala, ndipo kumene aliyense anadzera kumaonekera m'zimene anadzaphunzitsa.

Aliyense wa iwo anasinthidwa ndi mayi wina amene anabwera kudzafuna thandizo. Rogers anagwira ntchito zaka 12 ku Rochester, m'bungwe loteteza ana ku nkhanza. Kumeneko anayesetsa kuonetsa mayi wina kuti mwana wake wamwamuna ankavuta chifukwa choti mayiyo sanamulandire mumtima ali wamng'ono. Mawu ake sanaphule kanthu, mpaka onse awiri anavomereza kuti zakanika. Atafika pakhomo kuti azipita, mayiyo anacheuka n'kufunsa ngati akuluakulu nawonso amathandizidwa pamalopo. Atakhalanso pampando anakhuthula za ukwati wake umene unali utasokonekera, nkhani yosiyana kwambiri ndi imene ankafotokoza masiku onse aja. Chimene Rogers anatolapo n'chakuti mwini bala ndiye adziwa pamene pakupweteka, ndipo katswiri akafulumira kutsogolera amamusocheretsa.

Beck anaphunzitsidwa njira ya Sigmund Freud ndipo ankaikhulupirira ndi mtima wonse. Ali pa yunivesite ya Pennsylvania, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, anafuna kutsimikizira ganizo lakuti munthu wovutika maganizo amakhala ndi mkwiyo umene waubwezera kwa iye mwini. Anasonkhanitsa maloto a odwala, koma chimene chinachuluka m'malotomo sichinali mkwiyo. Kunali kuluza, kukanidwa ndi kulephera. Ndiye panali mayi wina amene ankangolankhula mosalekeza za zibwenzi zake. Beck atamufunsa chimene chinkamudetsa nkhawa, anapeza kuti sanali manyazi ndi nkhanizo. Linali ganizo limene linkamuyenda m'mutu nthawi yonse imene ankalankhula, lakuti adokotala akutopa naye. Chimene Beck anatolapo n'chakuti pali maganizo ongobwera okha amene munthu sawatchula chifukwa palibe wamufunsa, ndipo katswiri akangokhala chete sadzawamva.

Asanafike posiyana, awiriwa ayenda limodzi mtunda wautali. Onse anasiya kukumba kwambiri za ubwana ndi maloto n'kuyang'ana zimene munthu akukumana nazo lero. Onse anakana zoti mlangizi ndiye womasulira zinsinsi za mumtima mwa mnzake, mnzakeyo n'kumangovomera. Onse ankakhulupirira kuti munthu wamba ali ndi nzeru zokwanira kumvetsa vuto lake. Ndipo chimene ambiri amaiwala n'chakuti onse anali okonda umboni. Sanafune kuti anthu awakhulupirire chifukwa cha kutchuka kwa dzina. Anaika ntchito yawo poyera kuti ena aiyeze, ngakhale zotsatira zake zikawachititsa manyazi.

Asiyana pofotokoza gwero la vuto. Kwa Rogers, munthu amabadwa ndi mphamvu yofuna kukula ndi kukhala bwino, ndipo mphamvuyo imapinimbira pamene chikondi chimene amalandira chili ndi malire: timakukonda ukakhoza mayeso, timakukonda ukapanda kulira. Munthu woteroyo amaphunzira kubisa mbali zina za moyo wake mpaka kudzibisira iye mwini. Mu 1957 Rogers analemba nkhani imene inatchuka kwambiri, yotchula zinthu 6 zofunika kuti munthu asinthe. Zitatu mwa izo zili m'manja mwa mlangizi: akhale weniweni wopanda chiphamaso, amulandire munthuyo popanda kumuikira malire, ndipo amve za mumtima mwake ngati kuti zikuchitikira iye. Rogers sanangoti zimenezi n'zofunika. Anati n'zokwanira, kaya vuto likhale lotani, popanda kutchula dzina la matenda kapena kugwiritsa ntchito luso lina lapadera.

Kwa Beck, vuto lagona m'mene munthu amamasulira zimene zamuchitikira. Wovutika maganizo amadziona yekha ngati wachabechabe, amaona dziko ngati lomuda, ndipo amaona tsogolo ngati lotsekeka. Akalakwa kamodzi amati amalakwa nthawi zonse. Mnzake akapanda kumupatsa moni amati wamukwiyira. Zabwino khumi amaziiwala, choipa chimodzi n'kugona nacho. Mu 1979 Beck ndi anzake atatu anatulutsa buku lakuti Cognitive Therapy of Depression, lofotokoza zoyenera kuchita kuyambira tsiku loyamba mpaka lotsanzikana. Pophatikizana ndi njira zosintha zochita za munthu, imeneyi ndiyo inadzatchedwa CBT. M'bukumo Beck anavomereza kuti chifundo, kumvetsa ndi kukhala weniweni n'zofunika, koma anati pazokha sizikwanira. Mkangano wonse wagona pamenepa: onse akuti ubale wabwino ndi wofunika, koma kwa Rogers ndiwo mankhwala ake, pamene kwa Beck ndi poyambira ntchito.

Kusiyanaku kumamveka bwino m'chipinda cha uphungu. Tiyerekeze bambo amene wachotsedwa ntchito atagwira zaka zambiri, ndipo akuti, "Ine ndatha basi. Ngakhale ana anga sandionanso ngati bambo wawo." Mlangizi wotsatira Rogers angayankhe kuti, "Zikumveka kuti si ntchito yokha imene yapita, bambo, koma ndi ulemu wanu womwe pakhomo." Akatero amadikira. Satsutsa, salimbikitsa mwachiphamaso, sapereka malangizo. Bamboyo akafuna kukamba za malemu atate ake amene sankamuyamikira, nkhani imapita komweko. Chiyembekezo n'chakuti munthu akamva mawu ake akubwerera kwa iye popanda chiweruzo, amalimba mtima kuyang'ana zimene ankathawa, ndipo njira yotulukira amaipeza yekha.

Mlangizi wotsatira Beck angayankhe kuti, "Ululu wake ndaumva, bambo. Kodi tingaone limodzi mawu akuti ana sakuonani ngati bambo wawo? Anachita chiyani, kapena ananena chiyani, kuti ganizo limeneli libwere?" Naye satsutsa mwachindunji, koma sadikira. Amagwirizana ndi bamboyo zoti akambirane tsikulo, amamupempha kuti azilemba ganizo lililonse lomulasa ndi nthawi imene labwera, ndipo pomaliza amapangana ntchito yokachita kunyumba: mwina kukacheza ndi mwana wamkulu n'kumva maganizo ake enieni, mwina kudzuka m'mawa n'kukonza mpanda umene wakhala utagwa. Chiyembekezo n'chakuti munthu akayesa ganizo lake n'kuona kuti silinali loona lonse, amaphunzira luso limene adzaligwiritse ntchito mlangizi palibe.

Pa nkhani yoyeza, Rogers ndiye anatsegula chitseko. Kale zochitika m'chipinda cha uphungu zinali chinsinsi, ndipo dziko linkangomva zimene katswiri wasankha kunena. Ali pa yunivesite ya Ohio State, Rogers anayamba kujambula mawu a zokambiranazo pa mbale za galamafoni, ndipo mu 1942 anasindikiza zokambirana zonse 8 za munthu mmodzi amene anamupatsa dzina lobisa, kuti aliyense aone pamene mlangizi wakhoza ndi pamene waphonya. Beck anabweretsa zida zina. Mu 1961 anapanga fomu ya mafunso 21 yoyezera kukula kwa matenda ovutika maganizo, imene ikugwirabe ntchito m'maiko ambiri. Mu 1977 gulu lake linagawa odwala 41 mwa maere, ena kulandira njira yake, ena mankhwala a imipramine, ndipo a njira yake anapeza bwino kuposa anzawo. Rogers ankafufuza zimene zimachitika pakati pa anthu awiri. Beck ankafufuza kuti zizindikiro za matenda zatsika bwanji pomaliza.

Panali chifukwa chimene onse ankafunira umboni. Mu 1952 Hans Eysenck wa ku London analemba kuti pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse ovutika ndi nkhawa ndi zina zotero amapeza bwino pa zaka ziwiri ngakhale asaonane ndi mlangizi, choncho palibe umboni woti uphungu umathandiza. Yankho lamphamvu linabwera mu 1977, pamene Mary Lee Smith ndi Gene Glass anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 375. Anapeza kuti munthu wapakatikati amene walandira uphungu amakhala bwino kuposa anthu 75 pa 100 alionse amene sanaulandire. Anapezanso china chimene chinasowetsa mtendere magulu onse: kusiyana pakati pa njira ina ndi inzake kunali kochepa kwambiri. Saul Rosenzweig anali atanena kale mu 1936 kuti mwina njira zonsezi zimachiza chifukwa cha zinthu zimene zimafanana, osati zimene zimasiyana.

Tikaunjika kafukufuku yense, mulu wa CBT ndi waukulu kwambiri kuposa wa njira ya Rogers. Koma kukula kwa mulu kuli ndi zifukwa zake. Njira ya Beck ili ndi buku la ndondomeko, chiwerengero cha masiku ndi dzina la matenda, choncho imalowa bwino m'kafukufuku wofanana ndi woyesera mankhwala, amene opereka ndalama amamukonda. Njira ya Rogers imakana kutchula matenda ndipo imalola wothandizidwa kusankha kolowera, choncho imavuta kuiika pa muyezo umodzi. Mbali ina inganene kuti chimene chayezedwa kambirimbiri n'chodalirika. Mbali inayo ingayankhe kuti chosayezedwa kawirikawiri sichinapezeke cholephera. Funsoli silingathe pokhapokha njira ziwirizi zitaikidwa pamodzi m'kafukufuku mmodzi, ndipo zimenezi zachitika makamaka ku Britain.

Mu 2000 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa anthu 464 a ku London ndi Manchester amene anapita kwa madokotala awo ali ovutika maganizo. Ena analandira uphungu wosatsogolera wa mtundu wa Rogers, ena CBT, ena chisamaliro cha masiku onse cha dokotala. Patatha miyezi 4, magulu awiri a uphungu anali bwino kuposa lachitatu, koma pakati pa awiriwo panalibe kusiyana. Patatha chaka, magulu onse atatu anali atafanana. Mu 2008 William Stiles ndi anzake anaona zolembedwa za anthu 5,613 a m'zipatala za boma ndipo anapezanso kuti njirazi zikufanana. Otsatira Rogers anasangalala, koma David Clark ndi anzake a CBT anayankha kuti anthuwo sanagawidwe mwa maere, ndipo ambiri amene anasiyira panjira sanawerengedwe. Chidzudzulocho chinali choona.

Kafukufuku wosamala kwambiri anachitikira ku Sheffield, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2021 motsogozedwa ndi Michael Barkham. Anthu 510 ovutika maganizo ndithu, ena kwambiri, anagawidwa mwa maere pakati pa CBT ndi uphungu wochokera kwa Rogers umene unawonjezeredwa luso lothandiza munthu kufika pa zimene akumva mumtima. Patatha miyezi 6, nthawi imene ofufuzawo anaisankhiratu kukhala muyezo wawo waukulu, uphungu wa Rogers sunali wotsika poyerekeza ndi CBT. Patatha miyezi 12, a CBT anali patsogolo. Wokonda Rogers amatchula mwezi wa 6. Wokonda Beck amatchula mwezi wa 12. Woona mtima ayenera kutchula yonse iwiri, ndi kukumbukira kuti m'magulu onsewo munali anthu ambiri amene sanachire.

Palinso vuto la mtima wa wofufuza mwini. Mu 2012 Pim Cuijpers wa ku Amsterdam ndi anzake anaphatikiza kafukufuku 31 wa uphungu wosatsogolera. Anapeza kuti umathandiza, koma umatsalira pang'ono poyerekeza ndi njira zina. Atayang'anitsitsa anaona kuti nthawi zambiri ofufuza anali okonda njira inayo, ndipo uphungu wosatsogolera ankangouika kuti pakhale choyerekezera. Atachotsera kukondera kumeneku, kusiyana kuja sikunaonekenso. Zili ngati kuyesa mbewu ziwiri za chimanga, ina m'munda umene mwini wake amapalira yekha m'mamawa, ina m'munda wosiyira aganyu: zokolola zingasiyane, koma sitinganene kuti yalakwa ndi mbewu. Kukondera kotere kulibe mbali. Otsatira Rogers akamayesa njira yawo, nayonso imaoneka yowala.

Komabe kufanana kumeneku kuli ndi malire, ndipo kupitirira malirewo umboni ukupendekera kwa Beck. Mu 2014 Anke Ehlers ndi anzake ku England anayesa anthu 121 amene zoopsa zimene anakumana nazo zinkawabwererabe m'maganizo ndi m'maloto, matenda otchedwa PTSD. Mwa olandira CBT ya mlungu ndi mlungu, 77 pa 100 alionse anachira. Mwa olandira uphungu womvetsera ndi kulimbikitsa, 43. Mwa ongodikira, 7. Kumvetsera kunathandiza ndithu, koma sikunafike pamene panafika luso lolunjika pa chikumbukiro chowawacho. N'chimodzimodzi ndi matenda a OCD, pamene munthu amasamba m'manja kapena kuyang'ana loko kambirimbiri: chimene chaonetsa mphamvu ndi kumuthandiza kuyang'anizana ndi chimene amaopa popanda kuchita mwambo wake uja. Pa mantha ogwira munthu mwadzidzidzi mpaka kuona ngati akufa, umboni wambiri ulinso ku CBT.

Otsatira Beck ali ndi mfundo ina, ya kukhalitsa kwa phindu. Mu 2005 Steven Hollon ndi anzake anatsatira kwa chaka chimodzi anthu amene anali atapeza bwino. Mwa amene anamaliza njira ya Beck, matenda anabwerera kwa 31 pa 100 alionse. Mwa amene anasiyitsidwa mankhwala, kwa 76. Mwa amene anapitiriza kumwa mankhwala, kwa 47. Izi zikugwirizana ndi ganizo lakuti munthu amatuluka ndi luso lake m'manja. Koma tizindikire kuti apa CBT inkayerekezedwa ndi mankhwala, osati ndi Rogers. Otsatira Rogers nawo ali ndi mfundo yawo, ya ubale. Mu 2018 Christoph Flückiger ndi anzake anaphatikiza kafukufuku 295 wa anthu oposa 30,000 ndipo anapeza kuti pamene mlangizi ndi wothandizidwa akugwirizana bwino, zotsatira zimakhala zabwinopo, kaya njira ikhale iti, CBT yomwe. Koma apanso tizindikire kuti zinthu ziwiri zikamayendera limodzi sizitanthauza kuti china chabala chinzake. Mwina munthu amene wayamba kupeza bwino ndiye amayamba kukonda mlangizi wake.

Chochititsa chidwi n'chakuti aliyense wa akuluakulu awiriwa anagwa pa mfundo imene ankainyadira kwambiri. Rogers anagwa ndi dzanja lake lomwe. Atabwerera ku Wisconsin, anatsogolera kafukufuku wa odwala matenda a misala otchedwa schizophrenia pa chipatala cha Mendota, pofuna kuonetsa kuti zinthu zake zija n'zokwanira ngakhale pa matenda aakulu. Zotsatira zinatuluka mu 1967, ndipo poonera onse pamodzi, olandira uphungu sanasiyane kwenikweni ndi amene sanaulandire. Chimene chinatsala n'chakuti odwala amene anamvetsedwa bwino ndi alangizi awo anachitako bwino kuposa anzawo. Ubale unaoneka kuti uli ndi ntchito, koma kukwanira kwake sikunatsimikizike, ndipo lero ofufuza ochepa okha ndi amene angaikire kumbuyo mfundoyo monga mmene Rogers anainenera.

Beck anagwa ndi dzanja la anzake. Mu 1996 Neil Jacobson ndi gulu lake anaphwasula njira ya Beck m'zigawo n'kuyesa pa anthu pafupifupi 150. Ena anangothandizidwa kubwerera ku zochita zopatsa moyo, monga kuyenda, kucheza ndi kugwira tintchito, popanda kukhudza maganizo awo n'komwe. Ena analandira njira yonse. Magulu onse anapeza bwino mofanana. Ngati kukonza maganizo olakwika ndiko kumachiza, n'chifukwa chiyani osakonzedwa maganizo anachira chimodzimodzi? Mu 2010 Christian Webb ndi anzake anapezanso kuti kutsatira buku la ndondomeko mosaphonya sikuyenderana kwenikweni ndi kuchira kwa munthu. Njira ya Beck imagwira ntchito, koma chifukwa chimene imagwirira sichinatsimikizike kuti ndi chimene mwini wake ananena. Paja anyani amasekana zikundu: gulu lililonse limakumbukira bwino kugwa kwa linzake.

Njira iliyonse ilinso ndi mmene imawonongekera ikagwa m'manja osadziwa. Ya Rogers imasanduka kungobwereza mawu a munthu, mlungu ndi mlungu, mpaka wofuna thandizo n'kumadabwa kuti wabwereranji. Rogers mwini anadandaula kuti anthu anasandutsa kumvetsera kukhala kaluso kongobwereza. Ya Beck imasanduka kudzaza mafomu ndi kuphunzitsa munthu wolira ngati ali m'kalasi. Ya Rogers ingasiye munthu amene akufuna njira yooneka, monga mayi amene akumenyedwa pakhomo, ali ndi womumvetsa koma wopanda pothawira. Ya Beck ingatche ganizo loona kuti ndi lolakwika, pakuti bambo amene akuti m'nyumba mulibe ufa sakulakwitsa kuganiza. Alangizi abwino a mbali zonse amadziwa zimenezi: wa Rogers salekerera moyo uli pangozi, ndipo wa Beck akaona kuti ganizo ndi loona amasiya kuliyesa n'kuyamba kufuna njira yothetsera vutolo.

M'kupita kwa zaka, mbali ziwirizi zakhala zikubwerekana zida mwakachetechete. Mu 1983 William Miller, pothandiza anthu omwa mowa mwauchidakwa, anatenga kumvetsera kwa Rogers n'kukupatsa kolowera, kuti munthu azitchula yekha zifukwa zosinthira; njirayi inafala m'zipatala padziko lonse. Beck, amene anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 100, anathera ukalamba wake pa odwala schizophrenia, matenda omwe aja amene anavuta Rogers, ndipo njira imene anapanga ndi anzake imayamba ndi kupeza chimene munthuyo amakonda, kaya ndi nyimbo kaya kuphika, ndi kumanga ubale asanakhudze maganizo. Rogers, amene anamwalira mu 1987, anathera ukalamba wake akukhazika pamodzi anthu odana, kuphatikizapo akuda ndi azungu ku South Africa m'zaka za m'ma 1980. Ana a Rogers anaphunzira kulondolera. Beck wokalamba anaphunzira kudikira.

Kumene akatswiri ali ochepa, funsoli limasintha maonekedwe, chifukwa chofunika n'chakuti njira iphunzitsike kwa anthu wamba. Ku Pakistan, Atif Rahman ndi anzake anaphunzitsa amayi azaumoyo a m'midzi ya ku Rawalpindi njira yochokera ku CBT, n'kuiyesa pa amayi oyembekezera 903. Zotsatira za mu 2008 zinaonetsa kuti patatha miyezi 6 atabereka, 23 pa 100 alionse anali akuvutikabe maganizo, poyerekeza ndi 53 m'gulu limene silinalandire njirayi. Ku Harare, Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kuthandiza munthu kusankha vuto limodzi ndi kupeza njira yolithetsera. M'kafukufuku wa mu 2016 wa anthu 573 m'zipatala 24, pafupifupi 14 pa 100 alionse anali ndi zizindikiro za matenda ovutika maganizo patatha miyezi 6, poyerekeza ndi theka la gulu limene silinalandire njirayi. Njira imeneyi, yotchedwa Friendship Bench, yayesedwanso m'zipatala zina kuno ku Malawi. Wa Beck angaloze ndondomeko imene agogowo amatsatira. Wa Rogers angaloze agogowo, ndi kuleza mtima kumene amamvetsera nako munthu asanayambe ndondomekoyo. Kafukufukuyo sanalekanitse ziwirizi, choncho aliyense ali ndi gawo lake loona.

Tikasonkhanitsa zonse, chiweruzo chake chili ndi mbali zitatu. Pa matenda ovutika maganizo, njira ziwirizi zikachitidwa ndi anthu ozikhulupirira ndi ozidziwa zimayandikana kwambiri, ndipo pali chizindikiro chakuti phindu la CBT lingakhalitseko. Pa PTSD, OCD ndi mantha adzidzidzi, njira zolunjika za m'banja la CBT zili patsogolo moonekeratu. Pa mavuto onse, mlangizi mwini ndi ubale umene amamanga zili ndi mphamvu, moti Bruce Wampold ndi ofufuza ena amati alangizi awiri a njira imodzi amatha kusiyana kwambiri kuposa mmene njira ziwiri zimasiyanirana. Rogers anakhoza ponena kuti popanda kumvetsedwa munthu sasintha msanga, ndipo anapitirira malire ponena kuti kumvetsedwa kokha n'kokwanira. Beck anakhoza ponena kuti luso lolunjika lingaphunzitsidwe ndi kuyezedwa, ndipo anapitirira malire poganiza kuti wadziwa chimene chimachiza.

Kwa ophunzitsa alangizi, tanthauzo lake n'lakuti asaphunzitse ndondomeko popanda kuona ngati wophunzirayo amatha kumvetsera, ndiponso asakhutire ndi mtima wabwino popanda luso la mavuto amene amafuna luso. Kwa inu amene mukufuna thandizo, kapena mukuperekeza m'bale wanu, muli ndi ufulu wofunsa mlangizi njira imene amatsatira ndi chifukwa chimene akuiona yoyenera vuto lanu. Ngati mwakumana kangapo ndipo simukumva kuti akukumvetsani, nenani. Ngati akukumvetsani koma palibe chikusintha, nenaninso, ndipo pemphani kuti muyese njira ina kapena akutumizeni kwa wina. Ndipo ngati maganizo ofuna kudzipha abwera, musadikire tsiku lokumana ndi mlangizi. Uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.